Dzuwa ndi Limodzi, Matupi ndi Osiyana



Ife a m'mbali mwa nyanja dzuwa timalidziwa. Ku Makanjira, ku Chipoka ngakhale ku Nkhotakota, mwezi wa Okutobala mchenga umaotcha mapazi mpaka ana amachita kudumphadumpha popita kudooko. Tsono munthu atabwera n'kutiuza kuti ena mwa ife tikuperewera vitamini D, amene thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa, tikhoza kumuuza kuti wasochera, nkhani yakeyo akanene ku Ulaya. Komatu m'chaka cha 2020 akatswiri atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wochokera m'maiko ambiri a mu Africa, anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vitaminiyu wosafika pa 50 nmol/L m'magazi, mlingo umene madokotala ambiri amati ndiwo wokwanira. Operewera kwambiri anali amayi, makanda ndi anthu a m'matauni.

Munthu wotere kawirikawiri saoneka kudwala. Amalima, amagulitsa pamsika, amasala Ramadhan yonse. Ntchito yaikulu ya vitamini D ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa, ndipo akachepa thupi limayamba kubwereka kashiamuyo m'mafupa mwakachetechete. Pakapita zaka ndi pamene zimatulukira: kuphwanya m'chiuno ndi kumsana, ntchafu kufooka, mayi wa zaka 40 zokha kuyamba kugwira khoma podzuka pa sajida. Kwa ana miyendo imapanga matewe. Kwathu kuno ululu wotere timangoti nyamakazi, ndipo tikudziwa mabanja amene anadana chifukwa wina anati m'bale wake wamuponda m'phazi ndi mankhwala.

Nkhani imeneyi ikangotuluka, chala chimathamangira kuloza kavalidwe ka alongo athu. Sitikana, nsalu imatchinga mphamvu ya dzuwa imene imapanga vitaminiyu, monganso galasi la pawindo limatchingira. Koma amene amathera pomwepo amve izi. Mu 2007 ku Hawaii, chilumba cha dzuwa ndi nyanja, anayeza anthu 93 amene ankakhala padzuwa pafupifupi maola 29 pa sabata, ambiri ali osavala zambiri. Theka la anthuwo linapezeka kuti silinafike pa mlingo wa 75 nmol/L umene ofufuzawo anauika. Kuno kufupi, ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti Amasai ndi Ahadza, anthu akhungu lakuda ngati ife, okhala kunja tsiku lonse, anali ndi mlingo wa pafupifupi 115. Dzuwa ndi lomwelo, koma thupi lililonse lili ndi kalandiridwe kake.

Chifukwa chake n'chakuti chimene khungu limapanga sichinafike pogwira ntchito. Chili ngati chinangwa chongokumbidwa kumene, chofunika kuviika, kuyanika ndi kusinja chisanakhale kondowole. Magazi amachitengera kuchiwindi kumene chimasinthidwa koyamba, kenaka kuimpso kumene chimasinthidwa kachiwiri, ndipo palinso chida china chimene ntchito yake ndi kuphwanya vitamini wotsala kuti asachulukitse. Chida chilichonse mwa zimenezi thupi limachipanga potsata malangizo olembedwa mu DNA, amene tinalandira kwa mayi ndi bambo. Chigawo chimodzi cha malangizowo achipatala amachitcha jini, zikachuluka amati majini. Apa tisasokoneze, abale. Awa si majini aja timawamva m'maulaliki a mashehe athu ayi, dzina lokha ndilo langofanana. Jini yoyang'anira ntchito ya m'chiwindi ija amaitcha CYP2R1, ndipo yophwanya ija ndi CYP24A1.

Aliyense amene anakhalapo pamkeka ku madrasa amvetsa msanga chotsatirachi. Tengani zilembo zitatu za Chiarabu, kaf, ta ndi ba. Mukaziika fatha zonse mumawerenga kuti kataba, kutanthauza kuti analemba. Mukasintha tizizindikiro ta pamwamba ndi pansi mumawerenga kuti kutiba, zinalembedwa, kapena kutub, mabuku. Zilembo sizinasinthe ngakhale chimodzi, chasintha ndi kawerengedwe. Ndipo chilembo chikalandira sukun chimaima, osatulutsa liwu lopitirira. DNA nayonso imaikidwa tizizindikiro pamwamba pake. Kodziwika kwambiri ndi kachinthu kakang'ono kotchedwa methyl, ndipo tikaunjikana pachiyambi pa jini, jiniyo kawirikawiri imakhala chete kapena imagwira ntchito mofooka. Maphunziro a zimenezi amatchedwa epigenetics, dzina limene linayambitsidwa ndi Mngelezi wina, Conrad Waddington, mu 1942.

Chimene chimatikhudza ife n'chakuti zilembo za DNA timabadwa nazo n'kufa nazo, pamene tizizindikiroti timatsata moyo umene munthu wakhala. Mu 2005 ofufuza a ku Spain anayeza mapasa ofanana ndendende, ndipo anapeza kuti ali ana tizizindikiro tawo timafanana, koma akamakula timasiyana, makamaka ngati akhala moyo wosiyana. Fodya amadziwika bwino kuti amasintha tizizindikiro timeneti. Ukalamba umatero. Chakudya nacho chimatero.

Pa vitamini D penipeni, umboni womveka unachokera ku Nebraska m'dziko la America mu 2014. Amayi achikulire athanzi anapatsidwa vitamini D wofanana, 1,100 IU tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. Ena mlingo wao m'magazi unakwera bwino, ena unangosuntha pang'ono. Atayang'ana mu DNA, anapeza kuti amene sanapindule kwenikweni anali ndi methyl wochuluka pa jini ya m'chiwindi ija asanayambe n'komwe kumwa mapiritsi. Chaka cha 2013 ofufuza ena ku Georgia, konko ku America, anapezanso kusiyana kwa tizizindikiro pakati pa anyamata akuda operewera kwambiri vitamini D ndi anzao okwanira. Akatswiri akukambiranabe kuti chimayamba n'chiti, pakuti vitamini D nayenso amakhudza kaikidwe ka tizizindikiroti. Koma kwa ife phunziro la ku Nebraska ndi lolemera kale: alongo awiri a m'nyumba imodzi, odya mbale imodzi, ovala mofanana, akhoza kusiyana m'magazi popanda wina kulakwa kanthu.

Tizizindikiro tina timalembedwa munthu asanabadwe. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo itatseka njira za chakudya, ku Netherlands kunagwa njala. Mu 2008, patapita zaka zoposa 60, anthu amene mimba zao zinatengedwa m'njala ija anapezeka ndi methyl wochepa pa jini ina ya kakulidwe poyerekeza ndi abale ao a bere limodzi. Chitsanzo china ndi cha m'midzi ya ku Gambia, dziko la Asilamu anzathu, kumene nkhokwe zimatha m'nyengo ya mvula monga zimathera kuno mu Januwale ndi Febuluwale. Kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa kuti ana amene mimba zao zinatengedwa nthawi ya mvula anali ndi tizizindikiro tosiyana ndi a nthawi ya chilimwe, malingana ndi zakudya zimene zinali m'magazi a mayi masiku amenewo. Kafukufuku wa ku Netherlands ndi ku Gambia sanali wa vitamini D, koma akusonyeza kuti mbale ya mtsikana amene wangolowa kumene m'banja imafika patali. Ife tili ndi chizolowezi choyamba kusamala mayi mimba ikaonekera. Nthawi imeneyo zambiri zimakhala zitalembedwa kale. Ndipo chizolowezi chija chakuti mutu ndi mnofu wa kampango ndi za bambo, mayi atsale ndi msuzi, sitichiona chikutipindulira.

Palibe chipatala chimene chingatifufutire tizizindikiro tosafunika lero, ndipo wina akabwera ndi botolo lodula n'kumati limakonza majini, ndalama zanu sungani. Chimene chili m'manja mwathu ndi kupatsa thupi zokwanira, kuti ngakhale lochedwa kulandira lipeze gawo lake.

Nthawi yabwino ya dzuwa timaidziwa kale chifukwa cha swala. Mphamvu yopanga vitamini D imachuluka pamene chithunzithunzi cha munthu chili chachifupi kuposa msinkhu wake, ndiye kuti kuyambira dzuwa litakwera ndithu m'mawa mpaka Asr isanakwane. Kadzuwa ka mbandakucha kamene timaothera mwezi wa Juni n'kokoma, koma pa ntchito imeneyi n'kofooka. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo kuposa loyera, ndipo la okalamba limapanga wochepa kuposa la achinyamata. Mlongo wodziphimba bwino potuluka ali ndi mpanda kuseri kwa nyumba yake, kumene angaike mikono ndi miyendo padzuwa kanthawi ndithu akusankha mpunga, popanda mlendo womuona. Tiwakumbukire amayi amene ali m'chikuta, amayi amasiye amene akusunga edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, ndi anganga amene tinawazolowetsa kukhala m'chipinda. Amuna tisadzione ngati opulumuka: msodzi wa usipa amene amachezera panyanja ndi nyali n'kugona usana wonse, ndi wogulitsa m'sitolo kuyambira Fajr mpaka Maghrib, onsewa dzuwa amangolionera patali. Abale athu achialubino okha ndiwo asayese njira imeneyi, pakuti dzuwa limawabweretsera khansa ya pakhungu. Iwowa akafunse kuchipatala za mapiritsi.

Pachakudya, vitamini D amapezeka m'nsomba zamafuta, m'chikasu cha dzira ndi m'chiwindi. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe amapereka kashiamu, amene vitamini D amagwira naye ntchito. Ku Jos m'dziko la Nigeria, kafukufuku wa mu 1999 anapeza kuti ana ambiri a matewe ankachira atapatsidwa kashiamu, chifukwa ndiye ankasowa m'chakudya chao.

Ana athu amene ali ku Leicester ndi ku Birmingham nkhani yao ndi ina. Kumeneko dzuwa la Okutobala mpaka Malichi silipanga vitaminiyu mokwanira, ndipo kuyambira mu 2016 boma la Britain limalangiza kumwa 400 IU patsiku m'miyezi imeneyo, komanso chaka chonse kwa akhungu lakuda ndi odziphimba. Akatitumizira mabotolo a mapiritsiwo kuno, tiyambe tawerenga mlingo wake ndi kufunsa adokotala, chifukwa vitamini D wa m'botolo akachulukitsa amaunjika kashiamu m'magazi ndi kuononga impso, chinthu chimene dzuwa silichita.