Kamera ya Mphunzitsi wa M'mphepete mwa Shire

Zithunzi zambiri za njovu za ku Liwonde zimene zimakongoletsa mabuku ndi makalendala anajambula ndi alendo. Anthu a m'midzi yozungulira nkhalangoyi amaidziwa njovu mwa mtundu wina. Kwa iwo ndi chilombo chimene chinkasakaza minda usiku, mpaka pamene bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyang'anira malowa mu 2015, linamanga mpanda wamagetsi. Mphunzitsi wina wamkazi wa pasukulu ya pulaimale m'boma la Machinga anakulira m'mantha amenewo, komabe anafunitsitsa kuti ophunzira ake aone nyamazi kudzera m'maso a munthu wakwawo.

Ndalama zake zinali zochepa, zosonkhanitsa kwa zaka ziwiri kubanki m'khonde. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kamera yatsopano inasanduka loto chabe. Chotsala chinali kufunafuna yogwirapo kale ntchito. Mayi ake atamva za cholingachi anafunsa modabwa: "Mwana wanga, thukuta lonseli ukalitayire pa zilombo zimene zinatigonetsa ndi njala?" Iye anayankha mwaulemu: "Mayi, ana ndikuphunzitsawa njovu amangoimva ikulira kuseri kwa mpanda. Sanaionepo ikusamba."

Makamera awiri ndiwo anali pa msinkhu wa thumba lake. Yoyamba inali Nikon Coolpix P900, yotuluka mu 2015, ya lenzi yosachotseka imene imakoka chinthu maulendo 83, mofanana ndi lenzi ya mamilimita 2000. Ndi kamera yotere munthu angathe kujambula nkhwazi itatera pamtengo kutsidya kwa mtsinje. Vuto lake lili pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala, kamene ndi kakang'ono kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Kuwala kukachepa chithunzi chimachita mbuu, pomwe nyama zambiri zimayendayenda m'bandakucha ndi madzulo dzuwa likamalowa.

Yachiwiri inali Nikon D3500, yotuluka mu 2018, pamodzi ndi lenzi ya mamilimita 70 mpaka 300. Sensa yake ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi ya inzakeyo, motero imapirira kuwala kochepa. Chifukwa cha kukula kwa sensayo, mamilimita 300 amaonetsa chinthu ngati mamilimita 450 a kamera zakale za filimu. Batire yake imajambula zithunzi pafupifupi 1,550 isanathe moto, pamene ya P900 imalekezera pa 360. Kwa munthu wokhala m'nyumba yopanda magetsi, wodalira kasola kamodzi padenga, kusiyana kumeneku sikunali kwamasewera.

Asanapereke ndalama, anachita zimene wogula wochenjera amachita. Analoza lenzi pamalo owala kuti aone ngati nkhungu yamera m'kati mwa magalasi, poti chinyezi cha nyengo ya dzinja chimawononga malenzi ambiri. Anafufuzanso chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo inajambulapo, chifukwa kachitseko kotsegulira kuwala kamatha ngati mmene limathera khasu. Atakhutira anasankha D3500, akudziwa bwino chimene wataya: mbalame yakutali idzaoneka ngati kadontho.

Kuperewera kwa lenziyo kunamuphunzitsa kudikira. Anazindikira kuti m'chilimwe, madambo akauma, njovu zimatsikira zokha ku Shire, ndipo wokwera bwato amaziona pafupi pamodzi ndi mvuu ndi ng'ona. Anaphunzira kutsamiritsa kamera pa thumba la mpunga kuti manja asanjenjemere, kutchera liwiro la 1/1000 ya sekondi pojambula chouluka, ndi kusachotsa lenzi panja mu Okutobala pamene fumbi lili paliponse.

Chithunzi chake choyamba chosindikizidwa chinali cha njovu yaikazi ikukankha mwana wake ndi chitamba kuti akwere gombe. Mayi ake anachiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, nati: "Kani nazonso zimalera." Sanaiwale za minda ija, ndipo mwana wawoyo sanawapemphe kuti aiwale. Chithunzicho anakachipachika m'kalasi la Sitandade 6, pambali pa mapu a Malawi, ndipo ana atatu anayamba kutsalira ena akaweruka, kufunsa kuti lenzi imagwira ntchito bwanji.