Pamsewu pali masamba, Yamikani

Chimwankhunda, Blantyre
2 Epulo 2023

Wokondedwa Yamikani,

Kuno tilipo. Namondwe wa Freddy wadutsa, nyumba yaima, kungoti mpanda wakuseri unagwa ndipo chimbudzi chinatitimira. Mayi ako ndinawaona Lachitatu. Ndi iwowo andituma kuti ndikulembere, chifukwa akuti akakudzudzula pafoni umangoti, "Amayi, izi ndi za pa intaneti chabe."

Vidiyo unaponya pagulu la banja la WhatsApp ija, ya anyamata akufukula mtembo m'matope ku Chilobwe, ndinaiona. Msuweni wako anandionetsanso zimene unalemba pa Facebook: "Anthu osamva, anamangiranji m'phiri?" M'munsi mwake anzako a ku Johannesburg ataikamo tinkhope toseka.

Lolemba lija, pa 13 Malichi, ine ndinafika ku Chilobwe ndi mapazi angawa, mvula ikadagwabe. Phiri la Soche linali litang'ambika, miyala ina yaikulu ngati minibasi itakhala pomwe dzulo lake panali makomo a anthu. Amuna ankakumba ndi makasu, ena ndi manja enieni. Akapeza munthu, mayi aliyense amene anali pafupi ankamasula chitenje chake n'kumufunditsa, osafunsa kuti ndi wa ndani. Koma cha pambali panaima anyamata atatukula mafoni, kuthamangira kujambula chitenjecho chisanafike pankhope.

Mayi wina wa kumpingo kwathu anagona ku Limbe kodwazika mchemwali wake usiku umenewo. Mwana wake wamkazi anatsala pakhomo. Imfa ya mwanayo anaidziwira pa foni ya munthu wosamudziwa, poyembekeza basi. Nkhope sinkaoneka, anangozindikira juzi yomwe anamugulira yekha pa kaunjika. Anakomokera pomwepo. Sindikuti vidiyoyo ndi imene unatumiza iwe. Koma munthu amene anaifikitsa pafoni imeneyo anangodina kamodzi monga unachitira iwe.

Kwathu uthenga wa maliro suponyedwa ngati mwala. Amatuma munthu wamkulu, amafika, amakhala pansi, amayamba n'kuti odwala aja matenda akula. Pamsewu timaika masamba. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, mwamuna amavula chipewa, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Iwe wakulira m'mwambo umenewu, ndipo pamaliro a agogo ako ndiwe unakathyola masambawo. Masabata awiri a maliro a dziko lonse amene Pulezidenti Chakwera analengeza anali masamba omwewo, oikidwa pamsewu wa tonse. Foni yakonso imadutsa pamsewu umenewo.

Funso lako lija, lakuti anamangiranji m'phiri, ndikuyankha, pakuti si lopusa. Mitengo inathadi ku Soche, ndipo nyumba zinakwera kufika pomwe siziyenera. Zimenezo zikambidwe, ndi eni mzinda omwe ayankhepo. Koma wogulitsa tomato kapena mlonda wa usiku sasankha phiri chifukwa cha mphepo yabwino. Amapita komwe lendi angaikwanitse. Waiwala kodi kuti unabadwira m'chipinda chimodzi cha zidina ku Bangwe, chimene mvula ikagwa tinkatchera mabeseni? Komanso Freddy sanali mvula ya masiku onse. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro a Febuluwale, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Mozambique kawiri, anakhala mwezi wathunthu n'kupitirira. Ku Ntauchira ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe anakokolola midzi ya makolo, kumene anthu akhala chibadwire. Omwalira ndi osowa pamodzi aposa 1,000, ndipo oposa 500,000 athawa m'nyumba zawo. Onsewo ndi osamva?

Inenso pakamwa panga panandilakwitsapo. Mu 1991, chigumula cha Napolo chitatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, ndinanena pantchito kuti anthu akumeneko ayenera kuti anaputa mizimu. Mnzanga wina anangodzuka n'kutuluka. Pambuyo pake ndinamva kuti anataya mayi ake ndi adzukulu awiri. Anga anali mawu apakamwa, anamva anthu asanu, koma mpaka lero amandiwawa. Ako ndi olembedwa, ndipo mwana wamasiye wa ku Chilobwe adzawapeza akadzakula.

Sindikuti taya foni. Mafoni omwewa agwirizanitsa ana ndi makolo awo m'misasa, ndipo anzako ena kunjako asonkha ndalama zogulira ufa ndi mabulangete. Ungochenjera ndi manambala a Airtel Money ndi Mpamba amene akuyendayenda opanda mwini wodziwika. Pereka kudzera ku Red Cross, kumpingo, kapena kwa munthu amene ungathe kumufunsa. Ndipo ukapereka, usatume kuti akujambulire mayi atanyamula thumba la ufa pamutu. Wataya kale zonse, msiyireko ulemu wake.

Fufuta vidiyo ija ndi mawu aja lero lomwe. Ukatero uwaimbire mayi ako. Ku msasa wa pasukulu ya Naotcha anthu akufunika ndowa, sopo ndi mapepala apulasitiki, ndipo kolera sanathe. Ngati uli ndi kangachepe, tumiza kwa msuweni wako, tikagula ku Limbe Loweruka.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine malume ako,
Che Matiki