Mkaka Sudziwa Kuti Mwana Wapita

Pa mpingo wathu tilipo amayi atatu amene tinadzipereka kuthandiza pa utumiki wa zaumoyo. Si ife anamwino ayi. Timangophunzira kwa odziwa, kenaka n'kugawirako anzathu. Kwa zaka zambiri takhala tikuimirira kutsogolo pa Sabata la zaumoyo kuphunzitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyambirira, ndi kupitiriza mpaka mwana atakwanitsa zaka 2 kapena kuposerapo. Koma sitinaphunzitsepo ngakhale kamodzi zimene mayi angachite tsiku limene kuyamwitsako kwatha. Tinazindikira kuperewera kwathu kumeneku pa maliro.

Dzinja lathali mlongo wathu wina, mayi wachitsikana, anataya mwana wake woyamba wa miyezi 5. Mpingo unachita zonse zimene umachita. A Dorika anaphika, akwaya anachezera kuimba, abambo anakumba manda. Pa Sabata masana, patadutsa masiku atatu, tinapita kukamuzonda. Tinamupeza kuchipinda atagona chagada, pachifuwa atamangidwa chitenje cholimba ngati akumanga mtolo wa nkhuni, chitenjecho chitanyowa. Titatha kupemphera anagwira dzanja la mmodzi wa ife n'kunong'ona kuti, "Amayi, mtima ukuwawa, koma mawerewa ndiye sakundigonetsa." Analankhula mwamanyazi, ngati kudandaula za thupi pa nthawi ya maliro ndi tchimo.

Apongozi ake anali pakhomo, ndipo anatifotokozera mosabisa. "Tam'manga kuti mkaka uume msanga. Madzi ndi thobwa tam'letsanso. Ifenso makolo athu anatitero." Sankachita nkhanza. Ankapereka chithandizo chimene ankachidziwa, ndipo ife atatu, ndi mabuku athu onse, tinalibe china choti tinene. Tinaimbira foni namwino amene timapemphera naye, ndipo anafika pa kabaza dzuwa lisanalowe.

Atapereka moni mwaulemu anati, "Agogo, ndiloleni ndimasule chitenjechi ndione kaye." Mawere onse awiri anali ouma gwa, khungu likunyezimira, koma thupi silinali lotentha. Anaitanitsa kapu ya madzi n'kumupatsa namfedwayo kuti amwe. Kenaka anatikhazika pansi tonse, pamodzi ndi apongozi aja, n'kutifotokozera mmene bere limagwirira ntchito.

Thupi la mayi limapanga mkaka molingana ndi umene ukuchotsedwa. Mwana akamayamwa, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa prolactin, tomwe timauza bere kuti lipange wina. Mkaka ukakhalitsa m'bere osatuluka, berelo limayamba lokha kuchepetsa kupanga. Koma uthenga umenewu sufika tsiku limodzi. Masiku oyambirira mkaka umabwerabe monga mwa nthawi zonse, ndipo magazi ndi madzi ena am'thupi amasonkhananso m'beremo, n'chifukwa chake limatupa ndi kuwawa. Apa pali zolakwika ziwiri. Kufinya mkaka wonse kumanamiza thupi kuti mwana akuyamwabe, choncho limapanga wambiri. Kusafinya n'komwe, kuwonjezera kumanga zolimba, kumapanikiza tinjira ta mkaka ndipo kungayambitse matenda a bere. Kumana mayi madzi akumwa nakonso sikuumitsa mkaka, kumangomufooketsa.

Namwinoyo anationetsa njira ya pakati. Mayi asambe m'manja ndi sopo, aike chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi pa mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere, akankhire pang'ono kuchifuwa, kenaka afinye mofatsa. Afinye pang'ono chabe, kuti kuuma kuchepe, n'kusiya bere lisanaphwe. Ngati mkaka ukukanika kutuluka, angathe kuika kansalu kofunda kwa kanthawi kochepa asanafinye, koma kuthowa ndi madzi otentha nthawi yaitali kumawonjezera kutupa. Akatha kufinya aike nsalu yozizira kwa mphindi 15 mpaka 20. Pakhomopo panalibe firiji, ndiye tinkanyowetsa nsaluyo ndi madzi a mumtsuko. M'malo mwa chitenje chija tinam'pezera kamisolo yogwira bwino mawere koma yosathina. Anatichenjezanso kuti tisakande bere mwamphamvu ngati tikukanda ufa wa mandasi. Kusisita mopepuka kulowera kukhwapa n'kokwanira.

Apongozi aja anafunsa za masamba a kabichi, amene anamva kwa anzawo. Namwinoyo anavomera kuti masamba otsuka bwino ndi ozizira angaikidwe m'kati mwa kamisolo, n'kuwachotsa akafota, chifukwa amayi ambiri amamva kupepukidwa nawo. Pa ululu ananena kuti panado amathandiza, ndipo brufen amachepetsanso kutupa, bola kumwa utadya ndiponso motsatira malangizo a kuchipatala. Amene ali ndi zilonda zam'mimba asamwe brufen. Aliponso mankhwala oletsa mkaka, monga cabergoline, koma amenewo amalemba ndi dokotala atamuona mayiyo. Si ogula pamsika kapena kupempha kwa mnzako.

Tinagawana masiku. Aliyense wa ife ankapita m'mawa kukaona mlongo wathuyo, ndipo chodabwitsa n'chakuti amene anagwira ntchito yaikulu anali apongozi aja. Ndiwo ankasintha nsalu usiku, ndiwo ankathyola kabichi kudimba. Tsiku lililonse mlongoyo ankafinya kangapo kochepa kusiyana ndi dzulo lake. Sabata lotsatira lisanafike, kuuma kunali kutatha ndipo anayamba kugona tulo.

Tsiku lililonse tinkafunsanso mafunso amene namwino anatipatsa, ndipo tikupempha banja lililonse liwasunge. Kodi thupi latentha kufika madigiri 38 kapena kuposa? Kodi mayi akunjenjemera, kuphwanya m'thupi ngati malungo? Kodi pali mbali imodzi ya bere yotentha, yofiira kapena yoderapo kusiyana ndi khungu lina, yowawa kwambiri? Kodi mukutuluka mafinya kapena magazi? Chimodzi mwa izi chikaoneka, mayi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale litakhala Sabata. Matenda a bere akachedwetsedwa amasanduka chithupsa chofunika kuchiboola. Chotupa chilichonse chimene chatsala m'bere mkaka utauma nachonso chikaonetsedwe kwa dokotala.

Zimene tinaona pakhomo paja zinatitsegula maso pa amayi ena amene ana awo ali moyo. Kwathu kuno mwana amaletsedwa kuyamwa tsiku limodzi. Mayi amapaka tsabola kubere, kapena mwana amatumizidwa kwa agogo ake, makamaka mayi akazindikira kuti waima, poopa kuti anthu anena kuti watumbiza. Mwana amalira uko, mayi akubuula kuno. Koma mkaka wa mayi woyembekezera si poizoni, ndipo palibe chifukwa chothamangira pokhapokha achipatala atalangiza. Njira yabwino ndi kuchotsa nthawi imodzi yoyamwitsa, kudikira masiku atatu kapena anayi kuti bere lizolowere, kenaka kuchotsanso ina. Yambani ndi ya masana, pamene mwana angatangwanike ndi phala, nthochi kapena kusewera, ndipo ya usiku ikhale yomalizira. Apa abambo ali ndi gawo lawo: kumutenga mwana usiku, kumupatsa madzi m'kapu, kumugoneka. Amayi amene akumwa ma ARV asasiye mankhwala, ndipo akambirane ndi achipatala za nthawi ndi njira yosiyitsira mwana, chifukwa nawonso sayenera kusiyitsa mwadzidzidzi. Buku la Genesis limatiuza kuti Abrahamu anakonza phwando tsiku limene Isake analetsedwa kuyamwa. Chinali chinthu chokonzekera, osati chozemberana.

Patatha mwezi ndi theka, mlongo wathu uja anabwerera ku tchalitchi. Pakati pa Sukulu ya Sabata khanda lina linalira kumbuyo, ndipo tinamuona akupinda manja pachifuwa n'kutuluka. Tinam'peza kuseri kwa tchalitchi, bulauzi itadontheredwa pang'ono. "Amayi, kodi ndikudwala?" anafunsa. Tinamuuza zimene tinaphunzira, kuti timadontho totere timatha kuoneka kwa masabata ngakhale miyezi, makamaka mayi akamva kulira kwa khanda, ndipo asamafinye kuti aone ngati mkaka ulipobe. Anapukuta misozi n'kunena kuti, "Ndiye kuti thupi langali silinamuiwale." Tinakhala naye pamenepo mpaka nyimbo yotsegulira chipembedzo itayamba.

Kuyambira pamenepo tinagwirizana ndi a Dorika chinthu chimodzi. Pakagwa maliro a khanda, kapena mayi akapita padera mimba itakula, mmodzi wa ife amalowa kuchipinda tsiku lomwelo, atanyamula nsalu yoyera ndi kapu ya madzi. Amakhala pansi pafupi ndi namfedwa, n'kufunsa motsitsa mawu funso limene kale tinkachita nalo manyazi: "Mwanangu, nanga mawere ali bwanji?"