Mphwanga, usawotcherere difu ya Hilux ija

Area 3, Lilongwe

Mphwanga wokondedwa,

Lero ndalemba chifukwa cha nkhani imene yandisowetsa tulo.

Loweruka ndinapita ku Malangalanga kukagula batire, ndipo makaniko wina amene amatidziwa tonsefe anandikokera pambali. Akuti Hilux yako yatitimira kawiri mwezi uno panjira ya kumunda, kupitirira Malingunde, ndipo wakhala ukufunsa mtengo wowotcherera difu yakumbuyo kuti matayala onse awiri azikoka limodzi. Mayi akonso anandinong'oneza zomwezo. Mwina anthu akuwonjezera. Koma ngati n'zoona, ndimvere.

Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo difu ndi imene imalola zimenezi. Vuto lake ukulidziwa: tayala limodzi likakhala m'mwamba kapena pa dongo loterera, limangozungulira pachabe, linzake lili phee. Ukawotcherera, vutolo latha m'matope, inde. Koma mawilo awiriwo samasukananso mpaka kalekale, ndipo galimoto yako imakhala nthawi yaitali paphula kuposa kumunda. Taganiza za msewu wa ku Likuni m'mawa mvula itagwa, pa Chinsapo paja, akabaza mbali iyi, ana asukulu mbali inayo, ako ali pampando wakumbuyo. Upotoza chiwongolero, galimoto n'kumangofuna kupita chamtsogolo, kapena kumbuyo n'kutsetsereka chifukwa kulibe katundu. Ndi zimenezo zimene ndikuopa.

Chaka chimene ndinakwatira, ndinali wothandiza dalaivala wa Land Rover kumpoto. Mwini wake anatopa ndi kutitimira, ndiye anauza munthu wa mugalaja kuti awotcherere. Masabata oyamba tinkanyada, tikudutsa pamene ena akukankha. Koma pokhota paliponse matayala ankalira ngati akukwekwereza, ndipo ife tinkangoseka. Tsiku lina tikutsika ku Livingstonia kupita ku Chitimba pamsewu wa Gorodi, wa makona 20 uja, tinanyamula matumba a chimanga ndi anthu asanu kumbuyo. Miyala inali yonyowa. Pa kona ina yothina ndinamva kuti thwa pansi pa galimoto. Shafuti imodzi inali itathyoka, itapotokapotoka kwa masabata onse aja. Tinali pa giya yotsika, injini ndi imene inkagwira galimoto, ndipo kumbuyo kunatsala wilo limodzi lokha logwira. Land Rover inapotokera kuphompho pang'onopang'ono. Ndinaona nyanja ili pansi patali, yobiriwira, dalaivala akungoti “Mayo, mayo,” phazi lili pabuleki. Chinatiimitsa ndi chitsa cha mtengo. Mayi wina amene anabereka mwana anali atalumpha kale, ndipo anagwera dzanja poteteza khandalo. Tinam'manga mkonowo ndi timitengo ndi nsalu ya malaya anga, n'kutsika naye wapansi mpaka ku Chitimba kuli mdima. Mpaka lero ndikamva tayala likulira pokhota, ndimaona nkhope ya mayi uja.

Choncho ndikukuletsa. Munthu wowotcherera asakhudze difu imeneyo, ngakhale akuuze kuti amachita zimenezi tsiku lililonse. Akatero, adzukulu anga sakweramo, ndipo mayi ako ndiwauza chifukwa chake.

Ndikudziwa kuti ukufuna kufika kumunda pa nthawi yothira feteleza, ndipo ndalama zavuta. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse chochokera ku Joni chimaluma m'thumba. Ndiye yamba ndi zotchipa. Matayala ako ndinawaona, atha mano. Gula a mano akuluakulu a m'matope. Ukasiya phula, lowetsa 4x4 usanafike pamatope, phwetsa matayala pang'ono kufika cha pa 1.5 bar, ndipo uziyenda ndi pampu yowapopanso pobwerera. Ika matumba awiri a mchenga pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, khasu ndi fosholo zisachoke m'galimoto. Ukabwerera paphula, chotsa 4x4, chifukwa Hilux ngati yakoyo ilibe difu yapakati. Anthu ambiri otitimira amasowa zimenezi basi.

Zikakanika, gula loko ya difu imene umayatsa ndi kuzimitsa wekha, ndipo ikhale yakumbuyo. Yang'ana kaye mabatani a galimoto yako, pakuti ma Hilux ena amabwera nayo kale kuchokera kufakitale. ARB ya ku Australia imagwira ntchito ndi mpweya wa kompuresa. Ndi yolimba, koma kapaipi kake kakabooka loko siigwira, choncho woika akhale munthu wosamala. Eaton ali ndi yoyendera magetsi, yosafuna kompuresa. Detroit Locker imadzitseka yokha ndipo imagwedeza galimoto pokhota. Imeneyo sindikuifuna pa galimoto yonyamula ana. Ilipo ina ya magiya okhaokha, Truetrac, yofatsa paphula. Imakoka bwino podutsa dongo, koma wilo likakwera m'mwamba uyenera kugunda buleki pang'ono kuti linzake ligwire. Limited slip ya mapuleti imafuna oyilo wakewake ndipo mapuletiwo amatha. Kutsogolo usaikeko kanthu. Loko yakutsogolo imaumitsa chiwongolero ndi kuthyola ma CV joint.

Wina akakunyengerera ndi ekiselo yakale yochotsa ku galimoto ina, atsegule pamaso pako muwerenge mano a giya yaikulu ndi yaing'ono. Ngati yako ili ndi 41 ndi 10, inayo ikhalenso choncho, apo ayi kutsogolo ndi kumbuyo zizilimbana ukangolowetsa 4x4.

Pepa ngati ndalankhula mokalipa. Ndiwe munthu wamkulu, galimoto ndi yako, ndipo khama lako pamunda uja limandisangalatsa. Koma kona ya pa Gorodi ija siinandichoke m'maso. Bwera nayo galimotoyo Lamlungu mukaweruka kutchalitchi, tiikweze pa jeke pansi pa mtengo wa mango, tione limodzi. Ngati pa matayala ndalama zaperewera, ndili ndi kangachepe kamene ndinasunga. Ubwere ndi ana, azakhali ako aphika nkhuku.

Ndine malume ako.