Tsiku limene kamera yanga inamwa mchere

Ku Chembe, kumene ndinabadwira, tikati nyanja timanena chinthu chimodzi basi: madzi aja timamwa, timasamba, timatsukira mbale ndi kupheramo usipa. Nditafika ku Dar es Salaam m'chaka cha 2019 ndinapeza kuti Aswahili ali ndi mawu awiri. Yathu ija amati ziwa, yawo yamchereyi amati bahari. Ndinkaseka, n'kumati madzi ndi madzi. Kusiyana kwake ndinakudziwira pa kamera, ndipo kunatsala pang'ono kunditayitsa zithunzi zomaliza za bambo anga.

Kamerayo ndinagula m'chaka cha 2016 kwa mlendo wina amene ankabwerera kwawo atatha ndalama. Inali yaing'ono ngati sopo wosambira, ya mtundu uja wolowa nawo m'madzi, ndipo kutsogolo kwake analembapo kuti imapirira mpaka mamita 15 pansi. Zaka zitatu inandidyetsa. Ndinkaperekeza alendo ku Otter Point ndi ku chilumba cha Thumbi, n'kumawajambula akudyetsa mbuna buledi. Ndikavuuka ndinkangoipukuta ndi malaya, kwatha. Sindinaitsukepo ngakhale kamodzi, poti nyanja yathu inkaitsuka yokha.

Ku Dar ndinayamba ntchito yothandiza Amalawi kutulutsa magalimoto padoko. Kamera ija inalowa m'sutikesi pansi pa bedi ku Kinondoni, ndipo inagona m'menemo zaka zinayi, m'chipinda chofolera malata chomwe masana chimatentha ngati uvuni.

Mu Ogasiti 2023 bambo anabwera kudzaonana ndi madokotala. Anadzera ku Karonga, kuwoloka Songwe, kenako basi ya tsiku lathunthu kuchokera ku Mbeya. Zachipatala zitatha, zotsatira zake sanafune kuti tizikambe. Anangoti, "Iwe, ukandionetse nyanja ya kunoyi."

Tinapita ku Msasani m'mawa. Tinapeza madzi athawira kutali, ngalawa zitagona chammbali pamatope. Bambo, amene anawedza moyo wawo wonse, anaima kakasi.

"Madziwa apita kuti?"

"Abwera masana, Bambo. Amachoka n'kubwerera kawiri patsiku. Amati ndi mwezi umawakoka."

Anayenda mpaka pamene panali chithaphwi, anatapa ndi dzanja, analawa, n'kulavula. "Amene anaphika ndiwozi anachulutsa mchere."

Kumapeto kwa sabata tinakwera boti pa Slipway kupita ku Bongoyo, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Bongoyo ndi chimodzi mwa zilumba zotetezedwa pamodzi ndi Mbudya ndi Pangavini. Palibe midzi, pali mchenga woyera, zisakasa ndi anyamata owotcha nsomba. Mphepo ya kummwera inkaomba pang'ono. Aswahili amaitcha kusi, koma bambo anati uwu ndi mwera basi, waudziwa ndi kaombedwe.

Zolakwa zanga zonse ndinazichita pachilumbacho, chisanathe ngakhale chakudya chamasana. Ndinasiya kamera padzuwa pamwamba pa chikwama. Kenako batire itatha ndinatsegula kachitseko kake pomwepo pamchenga, zala zili zonyowa, ndinaikamo ina, n'kutseka osayang'ana. Pomaliza ndinadumphira nayo m'madzi kuchokera pa boti, monga ndinkachitira ku Thumbi ndili mnyamata.

Bambo anavala magalasi osambira nawo, nalowa. Thupi linali litatha, nthiti zikuwerengeka, koma m'madzi anali munthu wina, wopepuka ngati kale. Anamira, anayang'ana matanthwe amoyo aja ndi tinsomba tamawangamawanga, anavuuka akuseka. "Mbuna za kuno zavala zitenje!" Ndinawajambula kambirimbiri. Posakhalitsa galasi lakumbuyo kwa kamera linachita nkhungu, chithunzi chinayamba kunjenjemera, kenako mdima. Ndinaiyatsa, inakana. Ndinayesanso, ndinayesanso, mwina kakhumi.

Kunyumba ndinachita zomwe aliyense amalangiza: ndinaikwirira mumpunga. Unali mpunga wa ku Kyela umene bambo anagula panjira. Inakhalamo masiku atatu, batire ili momwemo, kadi ili momwemo. Tsiku lachinayi ndinaperekeza bambo kokwerera basi. Za kamera sindinawauze.

Wokonza zipangizo amene ndinamupeza ku Kariakoo anali wachikulire, kashopu kake kodzaza mafoni akufa. Anatsegula kachitseko kaja, anatenga galasi lokulitsira zinthu, nandiitana kuti ndione. Pa kalabala kozungulira chitsekocho panali timchenga tiwiri. Labalayo anali atauma, ali ndi timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe.

Anandifotokozera mofatsa m'Chiswahili, ndipo zomwe ananena ndinazipezanso pambuyo pake m'mabuku a malangizo a makamera oterewa pa intaneti. Kamera yolowa m'madzi ili ndi zitseko, cha batire, cha kadi ndi cha chingwe, ndipo chimene chimatsekereza madzi ndi kalabala kopyapyalako basi. Tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi kakapingasa, njira yatseguka. Labala amakalamba ngakhale kamera isakugwira ntchito, makamaka kotentha, n'chifukwa chake opanga ambiri amati azisinthidwa chaka chilichonse. Mamita 15 olembedwa aja amanena za labala wabwino m'madzi odekha. Pa mamita 10 okha, mphamvu yokankha kamera imakhala kawiri poyerekeza ndi ya pamtunda, ndipo ukadumpha nayo madzi amamenya chitseko mwadzidzidzi. Kuichotsa padzuwa n'kuimiza m'madzi ozizirirapo nakonso kumapangitsa kuti mpweya wa m'kati usanduke mame.

Koma chimene chinaipha ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta, ndiye nthawi iliyonse imene ndinkadina batani loyatsira ndinkaotcha timawaya ta m'kati ndekha. Mpunga, ngakhale utakoka chinyezi, mchere suuchotsa. Mcherewo umatsala, n'kumakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mpweya wa ku Dar ndi wonyowa chaka chonse. Anatsegula thupi la kamerayo: m'kati munali mobiriwira ngati ndalama yachitsulo yotola kudzala.

"Ukanachotsa batire pachilumba pomwepo, n'kubwera nayo tsiku lomwelo, mwina tikanalimbana nayo," anatero. Anawonjeza kuti ngakhale kamera yabwinobwino, ikachoka m'nyanja yamchere imafunika kuiviika m'madzi abwino mphindi ngati 10, zitseko zili zotseka, n'kuiumitsa pamthunzi usanatsegule. Kupanda apo mchere umauma pa labala n'kumudya pang'onopang'ono.

Ndinachita manyazi, chifukwa zonsezi ndinkazidziwa m'njira ina. Bambo sankalowa m'madzi asanazungulire bwato, kupapasa paliponse pomwe anamatapo phula. Ankati chomiza munthu kawirikawiri ndi kamng'alu komwe unakaona dzulo n'kunena kuti ndikonza mawa. Ine ndinakhulupirira zolemba za pa kamera, osaona labala. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ine ndinafika dziwe lachiwiri ndi nzeru za dziwe loyamba.

"Nanga kadi?" ndinafunsa, pakhosi patauma.

Anaisolola ndi kachitsulo. Timizere tagolide tija tinali titachita zoyera. Ataiika pa kompyuta, sinaoneke. Anaitsuka ndi madzi abwino, kenako ndi sipiriti, anaipukuta ndi kathonje, n'kuiika pambali kuti iume. Anandiuza kuti ndikamwe tiyi. Ndinazungulira msika wonse osaona chilichonse. Apo n'kuti ndikudziwa kale zomwe madokotala ananena, ndipo ndinadziwanso kuti ulendo wa ku Bongoyo sudzachitikanso.

Nditabwerera ndinapeza akumwetulira. Pa kompyuta panali bambo pansi pa madzi, masaya atatupa ndi mpweya, dzanja likuloza kansomba kachikasu. Zithunzi 43 zinapulumuka. Zitatu zomaliza zili ndi nkhungu, madzi atayamba kale kulowa, moti bambo akuoneka ngati ali kuseri kwa utsi.

Anatisiya mu Febuluwale 2024. Titachoka kumanda ndinapatsa amayi chithunzi chimodzi chimene ndinatsukitsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati madziwo analidi amchere monga bambo ankasimbira. Ndinati eya. Anachipachika pamwamba pa chitseko, moyang'ana kunyanja.

Kamera yakufayo ndikadali nayo pazenera ku Kinondoni. Lamlungu ndikapita ku Coco Beach ndimaona achinyamata akulowa m'mafunde ndi mafoni awo, akuti ndi osalowa madzi. Nthawi zina ndimawayandikira n'kuwauza kuti akafika kunyumba akatsuke ndi madzi a pampopi, asathamangire kutchaja. Ena amamva, ena amandiyang'ana monga momwe inenso ndikanamuyang'anira munthu wotero m'chaka cha 2019.