Chikwama cha Kuseri kwa Chitseko

Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi tinakula tikuyesa kuti madzi osefukira ndi tsoka la ku Nsanje ndi Chikwawa kokha. Koma mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo tinayamba kuyang'ana ndi nkhawa mapiri athu omwe tinawameta mitengo.

Tsopano kuseri kwa chitseko tapachikako chikwama chothawa nacho. Muli tochi, machesi, kulorini wothira m'madzi akumwa ndi mankhwala a BP a agogo. Zitupa za unzika ndi mabuku a kuchipatala tazikulunga m'majumbo awiri kuti zisanyowe. Agogo anakanitsitsa kuti chithunzi cha malemu amuna awo chitsale. Tinachiikamo, ngakhale kuti zipi sakutsekekanso bwino.