Pampu Ikafooka, Yambani Mwaitsegula

Chimandiwawa n'choti masiku ano aliyense amene wagula ndowa ndi burashi akudzitcha katswiri wa mathanki a madzi amchere. Kuno ku Durban angoti mbwee. Kasitomala akadandaula kuti madzi sakuyenda bwino m'thanki, yankho lawo ndi limodzi: "Pampu yafa, gulani ina." Amamubweretsera kapampu kotchipa kopanda ndi dzina lomwe, yakaleyo n'kuinyamula kukaitsuka kwawo, mawa lake n'kuigulitsa kwa wina. Ine ndakalambira m'ntchitoyi, ndipo ndikunenetsa kuti mapampu ambiri amene anthu amataya amakhala atangoda.

Kwathu ku Salima ndinayambira kusamala mbuna zotumiza kunja, ndipo mbuna zimapirira. Coral ayi. Ndi nyama yosayenda. Chakudya ndi mpweya zimaipeza ndi madzi, zonyansa zake zimachokanso ndi madzi. Mitundu ngati Acropora imafuna madzi onse a m'thanki azizungulira maulendo 30 kapena kuposa pa ola. Akachepa mphamvu, pamchenga pamayala ndere yofiira yoterera, zinyalala zimaunjikana kuseri kwa miyala, kenako coral imayamba kuyera kuchokera kutsinde.

Zoti nkhono yatseka polowera madzi, kapena pampu yameza mpweya chifukwa madzi atsika mu sampu (kathanki ka pansi mmene mumakhala pampu), sindichedwa nazo. Wamaso aliyense aziona. Nkhani ili mkati, pa impela, kachipangizo kozungulira kamene kamakankha madzi.

Kuti coral ikule timasunga calcium cha m'ma 420 ppm, alkalinity pakati pa 7 ndi 9 dKH. Tsono calcium carbonate amakonda kuuma pamalo ofundirapo, ndipo m'thanki ya madigiri 25, pofunda kwambiri ndi pamene maginito a impela amazungulira. Pamamera chikhakha choyera cholimba, ngati chija chimatsalira m'ketulo yowiritsira madzi a pamjigo. Mpata wa pakati pa maginito ndi chibowo chake ndi wochepa zedi, moti chikhakha chopyapyala n'chokwanira kuyamba kugwira. Pampu imayendabe, koma mokoka. Tsiku limene magetsi azima n'kuyakanso, imalephera kudzuka, imangong'ung'uza ndi kutentha.

Mankhwala ake ndi citric acid, yemwe uja amagulitsidwa pamodzi ndi zophikira makeke. Ndimasungunula magalamu pafupifupi 50 pa lita ya madzi ofunda, n'kuviika zonse nditazimasula: impela, chivindikiro, timphira tiwiri ta kumapeto, ndi shafuti. Mumaona tithovu tikutuluka pa chikhakhacho, tikumveka kuti sii. Pakatha ola limodzi kapena awiri chimafewa, ndipo mswachi wakale umachichotsa, pamodzi ndi ndere yolimba yapinki ija imamatirira kunja. Viniga amagwiranso ntchito, koma ndinamusiya. Ndaona maginito ambiri otupa m'nyumba za anthu amene amagoneka pampu mu viniga mpaka kucha. Maginito akatupa, pulasitiki yowakuta imang'aluka, dzimbiri limalowa m'madzi, ndipo apo palibenso zotsuka: impela yatsopano basi, imene mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa pampu.

Shafuti ndiye ya ulemu. Zambiri ndi za ceramic, zoyera, zowonda. Sizidyeka msanga, koma mukaipinda pang'ono poisolola imangoti thyo. Anyamata a changu aja amaikoka ndi pulayala, chikhakha n'kumachipala ndi mpeni.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi bambo ena achikulire, Mmwenye wa konkuno, amene anandilemba ntchito yonyamula zigubu za madzi nditangofika kumene. Sankalankhula zambiri. Akafika pa thanki ankayamba aimirira, manja kumbuyo, kuyang'ana mmene tinthambi ta coral yofewa tikugwedezekera. Kenako ankatenga sikuludiraiva, nsonga n'kuikhudzika pa pampu, chogwirira n'kuchiika kukhutu. Ankandipatsa nane: "Tamvera, mwanawe. Ikulira bwanji?" Kaphokoso kogogoda kanali ka timphira takutha, kokhula kanali ka chikhakha. Ndikati, "Bambo, ndikuona ngati mphamvu yachepa," ankandilozera ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Paipi yobwezera madzi ilowe mu ndowa; ikadzaza mu mphindi imodzi, ndiye kuti malita 1,200 pa ola. Nambala ya pabokosi sankaiwerengera, poti imayezedwa pampu isakukweza madzi; kukwera kuchokera mu sampu ndi chigongono chilichonse cha paipi zimadyako. Tsiku lina anadula paipi ya kasitomala ndi sowo n'kundionetsa mkati: timachubu toyera ta nyongolotsi za m'nyanja tinali titatseka pafupifupi theka. Pampu inalibe mlandu. Anamwalira bambowa, koma sikuludiraiva yawo ndikugwiritsabe ntchito.

Mapampu atsopano a DC ali ndi pawo pobisalira. Ambiri amayendera mavolti 24, ndipo kabokosi kochepetsa magetsi kakafooka ndi chinyezi cha mchere, pampu yabwinobwino imaoneka ngati yatha. Yezani ndi mita. Mapampu a VorTech, amene amagwirana ndi maginito kudzera pa galasi, onani ngati mbali ziwirizo zalunjikana.

Makasitomala nawonso, eeh. Munthu agula kanthambi ka coral ndi ndalama imene kwathu ingalipire fizi ya mwana, koma ndikatchula mtengo wa ntchito yanga akuti, "Zongotsuka zomwezi?" Ena amandiimbira usiku nsomba zitayamba kale kupumira pamwamba, pampu yosatsegulidwa chigulireni. Amafuna ndifike pompo, ndiponso ndiwachotsereko.

Inu amene muli ndi thanki, tsegulani mapampu anu pa miyezi itatu iliyonse, ndipo sungani impela yapadera mu kabati. Wina akakuuzani kuti pampu yafa, muuzeni aitsegule pamaso panu.